Mchere wa pa Golo

A Maliki anafika pabwalo la timu yawo ku Midrand udzu ukadali ndi mame, osamwa n'tiyi yemwe. Ntchito yawo inali yochapa mayunifomu, kupopa mipira ndi kumanga maukonde, koma Loweruka limeneli anayamba n'kutenga tsache.

Chinawadzutsa m'mamawa chinali nkhani ya Takemori, goloboyi wochokera ku Japan. Munthuyu anali atakwanitsa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo zambiri mwa zaka zakezo anazidyera pabenchi. Kwawo anakhala nyengo khumi ndi imodzi akudikira kuti goloboyi mnzake adwale kapena akalambe. Atatopa anapita kukasewera ku Thailand, kenaka mphepo inam'ponya ku Joni kuno. Tsopano goloboyi woyamba anali atathyoka mwendo, ndipo kochi ananena mosabisa kuti Takemori akapanda kugwira bwino lero, aitana wina.

A Maliki ankam'konda. Ndi yekhayo amene ankabweza yunifomu ataipinda, n'kuwerama pothokoza. Koma dzulo lake anamuona akuunjika timilu ta mchere patsinde pa mitengo ya golo. Kwawo ku Mangochi ngakhale mwana amadziwa kuti mchere umasukulutsa mankhwala. Ndipo pansi pa golo yomweyo a Ndlovu, mkulu wosamalira zachitetezo cha timu, anali atakwirirapo zinthu zawo. Akanauona mcherewo, akananena kuti mlendo wabwera kudzapha timu, ndipo Takemori sakanalowanso m'bwalo.

Choncho a Maliki anasesa, n'kupondaponda pamalopo. Koma mtima sunakhale pansi. Anawerenga masokosi katatu. Anapopa mpira umodzi mpaka unatsala pang'ono kuphulika.

Masana osewera atatuluka kukatenthetsa thupi, Takemori anaima pa golo n'kuyang'ana pansi nthawi yaitali. Mpira woyamba unam'pulumuka m'manja. Wachiwiri unadutsa pakati pa miyendo. Kochi anayamba kukanda m'mutu.

Takemori anabwera kumene a Maliki ankakonza mabotolo a madzi. Awiriwa ankalankhulana Chingerezi chothyokathyoka, manja akuthandizira.

"Maliki-san, mchere wanga?"

"Ndasesa ndine, achimwene. Kuno mchere umabweretsa milandu."

Takemori sanakwiye. Anati kwawo malo amene munthu wavulalapo amawayeretsa ndi mchere, ndipo mnzake uja anathyokera mwendo pomwepo. Chiyambire mpira, sanaimepo pa golo yotere asanaiyeretse. Anawerama n'kubwerera, mapewa atagwa.

A Maliki anayang'ana a Ndlovu, amene anakhala pampando pafupi ndi khomo, maso ali ponseponse. Anayang'ananso Takemori. Kenaka anatuluka pageti chothamanga, ngakhale mawondo awo sankafunanso zoterezo.

Panja, mayi Benedicta a ku Ntcheu ankakazinga tchipisi.

"Che Maliki, mukuthamangitsidwa ndi apolisi kodi?"

"Mundigawireko mchere, mayi. Wodzaza dzanja."

"Mchere wokha? Tchipisi ayi? Koma amuna a ku Mangochi inu! Mwapha nsomba m'bwalomo?"

"Chonde, nthawi yatha."

"Tengani, tengani. Mukadzafa ndi BP musadzanditchule."

A Maliki anauthira m'thumba la buluku. Wezulo itatsala pang'ono kulira, anapita ku golo ngati akukakhoma chikhomo cha ukonde. Anagwada, n'kusiya kamulu kumtengo wa kumanzere, kenaka wa kumanja. Takemori anaona. Anangoomba magolovesi ake kawiri.

Masewero onse a Maliki sanakhale pansi. Ankayenda uku ndi uku m'mbali mwa mzere, botolo lili m'manja, osakumbukira kuti alipereke kwa ndani. Takemori anagwira mpira wa kona, anakankhira kunja wina woopsa, ndipo wina anauthamangira mpaka kugwera kumapazi a mdani. Chigawo chachiwiri, atasinthana magolo, chigoli chimodzi chinam'dutsa. Sanagwe mphwayi. Anakuwira anzake, n'kupulumutsanso mipira iwiri imene anthu anali atayamba kale kuikuwira. Masewero anathera chimodzi kwa chimodzi.

M'chipinda chosinthira zovala kochi anamenya Takemori pamsana.

"Madala, Loweruka likubwerali uli pa golo."

Takemori anakhala pabenchi, nkhope ataibisa m'thawulo.

A Maliki anatuluka kukamasula maukonde. Anapeza a Ndlovu atanyonyomala patsinde pa mtengo, akunyambita chala.

"Wena, Malawi," anatero a Ndlovu osatembenuka. "Ndani wathira ichi? M'Japani uja?"

A Maliki anafika pafupi. Zaka zisanu ndi zitatu anali asanayankhanepo ndi mkuluyu. Anatembenuza thumba la buluku, timibulu toyera n'kugwera pa udzu.

"Ndine, baba. Iye uja sakudziwapo kanthu."

A Ndlovu anaimirira pang'onopang'ono n'kuwayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Lolemba tikakambirane ku ofesi."

"Ndidzabwera," anatero a Maliki, n'kukwera pa kreti kuti amasule ukonde. Mfundo zinamasuka.