Chingwe pa Mkono wa Apongozi

Alufeo sankasiya mfundo asanaikoke kawiri. Kaya ndi luzi la padenga, kaya ndi chingwe cha mbuzi, ankamanga, n'kuponda, n'kukokanso mpaka mitsempha itatuluka m'khosi. Ku Mphunzi, kumene anali mkamwini, denga lake lokha ndi limene mphepo ya m'mapiri inkalilephera. Luso lomwelo linamupezera ntchito m'chaka chachitatu cha nkhondo ya azungu. Mzungu wina wolemba amtengatenga anamupatsa chisoti chofiira ndi chingwe chomangira amuna ogwidwa, n'kumuuza kuti munthu wa chisoti sasenzetsedwa katundu wa kunkhondo.

Patangotha masabata asanu, Alufeo anatulukira ku mishoni kumene ankafuna anthu ocheka matabwa, chisoti atachipinda m'khwapa. Kapitawo wa ochekawo, a Gervazio, atamuona anauza anzawo kuti akabise akazi awo, abwana afika. Palibe anaseka.

"Ndabwera kudzafuna ntchito, achimwene."

"Ya chisoti ija yatha kukoma? Chisanade n'komwe?"

Komabe anamutengera kukhonde kwa wansembe, mzungu wa ndevu zofika pachifuwa, wodziwa Chichewa. Wansembeyo anamuyang'ana m'manja, anamufunsa za sowo, ndipo anakhutira. Kenako anafuna kudziwa chimene chikumuchotsa pa ntchito yatsopano chonchi, poti wothawa ntchito msanga adzathawanso ya kuno.

Alufeo anali atakonza mayankho panjira. Ananena kuti akufuna kukhala pafupi ndi tchalitchi. A Gervazio anatsonya, n'kuuza wansembe kuti munthuyu chibatizidwireni tchalitchi amangochionera patali. Ananenanso kuti miyendo ikumupweteka. Wansembe anangoyang'ana miyendoyo, yomwe inali itakwera mapiri awiri m'mawa womwewo. Pamenepo Alufeo anakhala pansi n'kufotokoza zenizeni.

Sabata yapitayo anatumidwa ku Mphunzi komweko. Amuna onse anali atathawira kumapanga, ndipo lamulo la mzungu wa amtengatenga uja linali lakuti mwamuna akathawa, gwirani mkazi wake mpaka mwiniwake atuluke. Pamzere wa akaziwo panali a Nachisale, mayi a mkazi wake. Zaka zisanu ndi chimodzi ali pachikamwini anali asanawayang'anepo kumaso. Akakumana panjira, mmodzi ankapatukira kutchire. Tsikulo mzungu anali chilili pomwepo, akuloza ndi ndodo. Alufeo anagwada, anatembenuzira nkhope kumbali monga ayenera mkamwini, ndipo anamanga mkonowo mongopapasa. Anakoka kawiri.

"Sindinaone kuti chingwe chalowa m'mnofu, abambo. Ndikanayang'ana bwanji? Ndi apongozi."

"Nanga iwowo sananene kuti chikupweteka?"

"Akanalankhula bwanji ndi ine?"

Anayenda nawo tsiku lathunthu mpaka kumsasa kwa mzungu uja, iye patsogolo, osacheuka. Pomasula, dzanja linali litatupa n'kuda bii. Tsopano zala sizikugwedera, ndipo ntchentche zayamba kulitsata.

Wansembe ananena kuti mwambo wopewana umenewu wakhala akuudzudzula kuyambira kale. Alufeo anayankha motsitsa mawu kuti chingwe sanapatsidwe ndi mwambo. Wansembe sanakane. Anati wamukhulupirira, ndipo manja otere akuwafuna, koma popanda kalata ya mzungu uja yomumasula, Alufeo ndi wothawa. Mzunguyo adzabwera kudzamutulutsa m'dzenje lochekeramo matabwa, n'kutenganso ocheka ena awiri chifukwa cha mkwiyo. Apite akapemphe kalata.

Alufeo anathokoza n'kudzuka. Ankadziwa kuti kumsasa kuja kalata kulibe. Wobweza chisoti ankangomulozera pamzere wa amtengatenga.

A Gervazio anamuperekeza mpaka kumtsinje, nthabwala zitawathera. Anamulangiza kuti avale chisoticho apirire, nkhondo si mvula ya chaka ndi chaka, azingomanga molekerera.

"Manjawa sadziwa kulekerera, achimwene."

Anafika kumudzi dzuwa litapendeka. Mkazi wake Filomena anali asanamulankhule chichitikireni zimenezi, ndipo chakudya ankangomusiyira pakhomo ngati cha galu. Tsikulo analankhula, maso ali pa nyemba zimene ankasenda. Bambo ake, a Ezara, atuluka kumapanga kuti mayi amasulidwe. Mayi abwera, ali gone m'nyumba. Mzere unyamuka Lolemba kupita kumpoto, bambo ali momwemo, ndi chifuwa chawo chija. Sanawonjezere kuti mwa amuna asanu ndi anayi amene anapita chaka chatha anabwerako atatu. Zimenezo Alufeo ankazidziwa.

Anakhala pamwala kwa kanthawi, akumva kubuula kochokera m'nyumba imene iye sankaloledwa kulowa.

"Mzungu uja amawerenga mitu, nkhope sayang'ana. Ndikabweza chisoti mawa. Akapeza mutu wanga pamzere, abambo abwerera."

Filomena sanamuletse. Anamaliza kusenda nyemba, anakutumula nsalu, n'kumufunsa ngati atenge bulangeti lakale kapena la paukwati. Alufeo anati lakale. Mkaziyo analowa, anatulutsa la paukwati, analipinda n'kuliika m'thumba pamodzi ndi chikho, kamchere ndi chimanga chokazinga cha masiku atatu. Thumbalo analitsamiritsa pakhomo, mbali ya kunja.