M'bawa Womira ku Nyatsime

Mbande zanga sizifa chisawawa. Ndazigulitsa pamsika wa Chikwanha zaka khumi ndi ziwiri, choncho a Kefasi atandiimbira foni kuti m'bawa umene anagula kwa ine ukufota, ndinakwera kombi kukadzionera ndekha kwawo ku Nyatsime.

Masamba anali achikasu, ena atayoyoka kale.

"Munandigulitsa mtengo wodwala, mayi Lisnet," anatero a Kefasi. "Ndimauthirira ndowa yathunthu m'mawa uliwonse ndisanapite kuntchito."

Ndinakanda khungwa ndi chikhadabo, mkati munali mobiriwira. Kenaka ndinapisa dzanja m'dothi, ndipo linatuluka ndi matope onunkha ngati a m'ngalande.

"Ndowa imodzi singachite zimenezi. Wina amene akuthirira ndani?"

"Palibe."

Akazi awo, a Felesita, anali chiimire pakhomo. Anayankha akuyang'ana kumbali.

"Ndine. Masana ndimathira ndowa ziwiri. Ndimayesa iwowa anauiwala."

Awiriwo anayang'anana ngati anthu ongokumana m'kombi.

"Mtengowu ukumira," ndinawauza ndikupukuta dzanja pachitenje. "Musauthirire sabata yathunthu. Ndipo mankhwala ake enieni sindigulitsa ine. Muziyankhulana m'nyumba muno."