Phula Lokalamba

Mvula yoyamba ya Novembala inapeza Philomena akukoka matiresi a Natalie, mwana wake wodwala chifuwa, kuwachotsa pansi pa lata lodontha. Dengalo anali atalimata yekha m'chilimwe ndi phula lotola m'mphepete mwa msewu wa ku Nakoli, pamene tala anagumuka, n'kulisungunula m'chitini. Aliyense amatero. Koma atakwera m'mawa anapeza zomata zonse zitang'ambika ngati zidendene za mu Juni.

Mlamu wake Lawrence, wothira tala m'misewu ya ku Kamushanga, anadutsa masana. Ananyema kachidutswa, kanangoti tswa ngati bisiketi.

"Mulamu, phula iyi ni nkhalamba. Dzuwa inamwa mafuta yake yonse. Siipindika. Lata ikafutukuka na kutentha, yeve ingosweka."

"Ndiye yakalamba monga ine, ba Lawrence. Kambani chochita, mwana akhosomola."

"Thirankoni oilo wakale wa mu minibasi ya amuna banu. Pang'ono chabe."

Pang'ono pa munthu wokazinga zitumbuwa tsiku ndi tsiku si pang'ono pa anthu ena. Philomena anathira monga amathirira m'chiwaya. Phula linafewa, linamatika bwinobwino. Mawa lake dzuwa litafika pamutu, linayamba kuchucha m'mabowo a misomali, madontho akuda bii pa neti ya Natalie.

Lawrence anaseka mpaka kutsamira chitseko. "Ninakamba pang'ono, osati mukazinge denga."

"Mukasekele pamwamba. Makwelelo ni ayo."

Anakweradi, napala zonse. Anawonjezera phula louma m'chitini muja, kenako anapala tayala lakale ndi tupa, fumbi lake n'kuthira momwemo. Akuti kuntchito amasakaniza zotere kuti tala asaume ngati fupa, asakhalenso phala. Philomena anavundula pambaula, utsi ukumuwawa m'maso, mpaka Lawrence anakoka kachidutswa kozizira. Kanatanuka, osaduka. Anamata nalo denga lonse.

Mvula inabweranso Lachisanu, yamphepo. Philomena anaima pakati pa chipinda beseni lili m'manja, maso kudenga, kudikira poti aliike. Natalie anali m'tulo, pakamwa pali yasa, osakhosomola. Beseni lija linabwerera kukhitchini louma.

M'mawa anakazinga zitumbuwa, nasankha zikuluzikulu zonse, zimene sapatsa ngakhale amuna ake, n'kukamudikira mlamu wake pokwerera basi.

"Ivi ndiye vamafuta yambili," anatero, akumupanikiza kaphukusi kotentha m'manja. "Musayambe kuseka."