Njovu ya Masaka

Pamela anaipeza njovuyo itagona kuseri kwa chigafa cha fodya, kwa mlamu wake Amock. Inali ya masaka osokereredwa pamodzi ndi kupakidwa phulusa. Makutu anali malichero akutha, chitamba chinali mwendo wa buluku wodzaza ndi gaga. Wina akanafa nazo kuseka, koma Pamela anangogwira mzati.

"Mlamu, mwaiona nyama yathu?" anatero Amock, singano ili m'manja. "Loweruka ikavina kubwalo la sukulu. Mubwere naye Mtende."

Amock ndiye ankatsogolera gulu la zisudzo la ku Mwazisi, ndipo munthuyo akayamba za sewero ankaiwala kuti m'dziko muli maliro. Sewero latsopanoli linali lophunzitsa anthu zochita njovu za ku nkhalango ya Vwaza zikalowa m'minda. Iye mwini ndiye ankasewera mlimi wosamva, amene njovu imamuponda.

"Alamu, mukufuna mwana akaone zimenezo? Inuyo mutagona pansi?"

"Ana onse a kuno akakhala komweko. Mumutsekera m'nyumba mpaka liti? Ndi mwana wa mkulu wanga, nane ndimamukonda chomene."

Pamela anali wa ku Ntcheu, anabwera kuno kudzaphunzitsa ku pulayimale, nakwatiwa ndi Joel, mkulu wa Amock. Chaka chathachi, chimanga chili pafupi kucha, Joel anapita kumunda m'mamawa ndi Mtende, yemwe anali ndi zaka zinayi. Njovu inamupeza Joel komweko. Anthu atafika anapeza Joel atatsikira kale kulichete, mwana ali pansanja yolonderapo, atadzifunditsa jekete la bambo ake. Onse anati anali mtulo, sanaone kanthu. Pamela anavomera, chifukwa zinazo sakanatha kuzisenza.

Koma kuyambira tsikulo Mtende anasiya kulankhula. Madzi ankaloza ndi chala. Mvula inatha, chisanu chinadutsa, m'nyumba muli zii. Mawu anabwerera posachedwa pomwepa, amodziamodzi, ndipo Pamela ankawasamala ngati mazira m'mbale. Mantha ake anali amodzi basi: kuti mwana akaona njovu ija, pakamwa patsekekanso, mwina mpaka kalekale.

Loweruka masana ng'oma zinayamba kumveka. Pamela anatseka mawindo, nakweza wailesi. Atacheuka anapeza Mtende waima pakhomo, nsapato atavala mosemphanitsa.

"Amama, adada achoko ali uko."

Umo ndi momwe ankawatchulira Amock, bambo ake aang'ono. Pamela anagwada namukonzera nsapato. Kumukaniza kunali kumuuza kuti kunjako kuli choopsa. Kumulola kunali kumutengera yekha kwa choopsacho.

"Tikakhala kumbuyo," anatero. "Ukangoti tiyeni, tibwerera."

Pabwalo panalibe poponda. Anakhala pansi pa mtengo wa mango, Mtende ali pamiyendo ya amayi ake. Poyamba zinali zoseketsa. Amock, atavala chipewa chong'ambika, ankanyoza anzake ofukiza tsabola ndi kumenya zitini, akuti iye njovu amazithamangitsa ndi kukhosomola kokha. Anthu anaseka mpaka kugwetsa misozi. Mtende nayenso anaseka, koma Pamela maso anali pakhoma la kalasi, pomwe pankasuzumira khutu la lichero.

Ng'oma zinasintha kaliridwe. Njovu inatuluka, ikugwedeza mutu, fumbi lili koboo. Kunsi kwake kunkaoneka miyendo ya anthu, wina atavala patapata, koma ana aang'ono anathawira m'zitenje za amayi awo. Thupi la Mtende linauma gwa. Pamela anamva kamtima ka mwana kakugunda padzanja lake.

"Tiyeni?" ananong'ona. "Mtende, tizipita?"

Mwana sanayankhe. Chete uja ndi amene Pamela ankamudziwa bwino. Anayesa kumuphimba maso, koma Mtende anachotsa dzanjalo.

Amock anathamanga, napunthwa, nagwa. Njovu inamudutsa pamwamba, kenako n'kubwerera kuseri kwa kalasi. Iye anagona chafufumimba, chipewa chili poteropo. Ng'oma zinaleka. Apa m'pamene amayi a m'seweromo ankayenera kulowa akulira.

Mtende anatsika pamiyendo. Pamela anati amugwire, koma anangotsala ndi mphepo m'manja. Mwana anadutsa pakati pa anthu, osathamanga, mpaka anakaima pamutu pa Amock. Amayi olira aja anaima panjira, kukamwa kuli yasa.

"Adada, dzukani," anatero Mtende.

Amock sanagwedezeke. Pa zisudzo anali katswiri, ndipo wakufa sadzuka chifukwa mwana wanena. Mtende anakoka mpweya, nakuwa ndi mawu amene Pamela anali asanawamvepo chimwalirire Joel.

"Adada, dzukani! Yapita!"

Amock anatsegula diso limodzi. Ataona nkhope ya mwanayo anadzambatuka, fumbi lili mbuu kumaso, namunyamula. Ena anaomba m'manja poyesa kuti ndi mmene sewerolo linakonzedwera. Achikulire amene anakumba nawo manda a Joel anangowerama.

Pamela anafika pakati pa bwalo osadziwa kuti wayenda bwanji. Amock anamupatsa mwana, osatha kumuyang'ana m'maso.

"Amama, adada achoko amva," anatero Mtende. "Adada aja ndinawauzanso, ndili pansanja. Koma ndinanena pang'onopang'ono, ndimaopa njovu ingandimve. N'chifukwa chake sanadzuke?"

Pamela anakhala pansi pomwepo, pafumbi, anthu onse akuona. Chaka chonse iye ankatseka mawindo, pomwe mwana anali nazo m'kati, yekhayekha. Anamva chisoni chosasimbika, komanso manyazi.

"Ayi, mwanawe. Unanena bwino. Ngakhale ukanakuwa mpaka kumveka ku Bolero, sakanadzuka. Anali atapita kale. Si iwe."

Mtende anayang'ana amayi ake nthawi yaitali, kenako anatsamira pachifuwa chawo. Sewero linathera pomwepo. Amock sanagonenso pansi, ndipo palibe anamufunsa chifukwa.

Pobwerera anadutsa kuseri kwa kalasi. Anyamata awiri anali atavula njovu ija, akumwa madzi, thukuta lili kamukamu. Mtende anaima, nakhudza khutu la lichero ndi chala chimodzi. Pamela anadikira.

"Ija inali yaikulu kuposa iyi," anatero mwanayo. "Amama, ndikuuzeni?"

Njira ya kunyumba inali yaitali, ndipo Pamela ankaopabe. Anamugwira dzanja.

"Ndiuze," anatero.