Perefyumu Wangawanga

"Mwachedwa lero, mayi a ana. Bwerani kuno."

Amuna anga anatambasula mkono, n'kugwira dzanja la achemwali anga, n'kuliika patsaya pawo. Ine ndinali chiimire pakhomo, thumba la zogula lili m'manja, ndikuona zonse.

"Alamu, ndisiyeni, eniake akuona!" anatero achemwali, akuseka mpaka misozi.

Amuna anga analitaya dzanja lija ngati agwira simbi yamoto. Nanenso ndinaseka, chifukwa ukapanda kuseka pa zoterezi amati uli ndi nsanje. Koma mumtima munandipweteka zedi.

Panali patatha chaka matenda a shuga atawaphera maso amuna anga. Anthu ankawadziwira ku mapazi, mawu ndi fungo. Tsoka lake, ine ndi achemwali timayenda mofanana, mokoka phazi, ndipo fungo lathu linali limodzi. Chibadwire ndinali ndisanagulepo perefyumu. Achemwali botolo lawo likafika pakati ankandipatsa, monga ankachitira ndi madiresi tili atsikana. Zaka makumi awiri m'banja ndinkanunkhira ngati mkazi wina, osaona cholakwika poti zinali zaulere.

Achemwali atapita, amuna anga anatembenukira kumene ndinali.

"Mundikhululukire," anatero motsitsa mawu. "Mantha anga ndi oti tsiku lina ndidzakusowani muli pompano."

Mawa lake ndinavundikira makina anga osokera dzuwa likadalipo, n'kupita kusitolo ya zodzoladzola. Ndinayamba ndi botolo lakumapeto, kudzithira pakhosi, lotsatira pamkono, lina pabulauzi. Pofika lachisanu ndi chimodzi mutu unali waa, mphuno yafa.

"Mayi, mukupopera udzudzu kodi?"

Anali mwini sitolo, mayi wamfupi wa magalasi olendewera pachingwe. Anandipatsa kansalu konyowa kuti ndipukute mikono, kenako kabotolo ka njere za khofi kuti ndinunkhize, mphuno itsitsimuke.

"Tsono mukufuna wotani?"

"Wosafanana ndi wa achemwali anga."

"Chimenecho n'chimene simukufuna. Ndafunsa chimene mukufuna inuyo."

Ine amene ndimauza makasitomala mosajejema kuti nsalu iyi ikukhalani, iyi ikukalambitsani, za ine mwini ndinalibe yankho. Manyazi anandigwira ngati mwana wofunsidwa samu pabolodi.

"Chabwino," anatero. "Ndi fungo lanji limene limakuimitsani panjira?"

Ndinaganiza kaye. "Makoko a malalanje. Nsalu yatsopano ikamasitidwa. Ndiponso... musandiseke... dothi, mvula yoyamba ikagwa."

Sanaseke. Anatsitsa mabotolo awiri okha, n'kundithira limodzi kumkono uku, lina uku, pamene pamagunda mtsempha.

"Musatikite. Kazungulireni kunjaku, mubwere pakatha theka la ola. Akangotuluka m'botolo perefyumu amanama, zoona amanena akakhazikika pakhungu."

Ndinayenda mumsewu ndikununkhiza mikono yanga mosinthanasinthana, anthu akundicheukira. Wakumanja, amene poyamba anandikopa ndi kutsekemera, anasanduka wolemera, wa mayi wofuna kuti tchalitchi chonse chidziwe kuti walowa. Wakumanzere anayamba mowawasa, kenako anafatsa, n'kutsala kafungo kofunda kosachita phokoso. Ndinabwerera n'kugula kabotolo kakang'ono kwambiri ka wakumanzereyo. Aka kanali koyamba kusankha chinthu popanda kufunsa kuti achemwali akanati chiyani.

Kunyumba ndinaima pakhonde, n'kudzithira pang'ono pakhosi ndi pampango, n'kuvula nsapato, n'kulowa monyang'ama, osayankhula. Ndinkafuna amuna anga andizindikire okha. Anali pampando wawo pafupi ndi windo. Anatukula mutu, n'kukoka mpweya, n'kuzimitsa wailesi. Kenako anakonza kolala ya malaya.

"Takulandirani, mayi. Eni nyumba sanafike, koma khalani pampando."

Uchitsiru wanga! Ndinathamangira fungo langalanga, n'kuiwala kuti munthu sangazindikire chimene sanachimvepo. Dzulo ndinali achemwali, lero ndinali mlendo m'nyumba mwanga.

"Ndine, bambo a ana," ndinatero.

"Inu? Nanga uyu mwalanda kwa ndani?"

"Ndagula ndekha. Ndasankhanso ndekha."

"Tabwerani."

Ndinagwada pambali pa mpando. Anagwira mkono wanga ndi manja onse awiri, n'kuufikitsa pamphuno. Ananunkhiza mosapupuluma, n'kupuma, n'kununkhizanso.

"Malalanje," anatero. "Koma pansi pake pali kena kake kouma mutu. Ameneyu ndinudi."

"Mwayamba chipongwe."

"Alamu asamuone ameneyu. Mumubise kumene mumabisa sizasi yanu yabwino ija, imene ngakhale ine simundibwereka."

Ndinaseka, misozi ikutsika, ndipo ulendo uno kuseka kwake kunali kwenikweni. Nditati ndiimirire anandikoka.

"Ndisiyireni mpango wanuwo. Mutu wakalamba uwu, sugwira zinthu tsiku limodzi."

Ndinauvula pakhosi, n'kuwapatsa, n'kupita kukhitchini kukatereka madzi. Ndikudikira kuti awire ndinasuzumira pachitseko. Wailesi inali chizimire. Anali ataweramira mpango uja m'manja, nkhope yonse ili momwemo, akugwedeza mutu pang'onopang'ono ngati mwana wasukulu amene mayeso ali mawa.