Mfundo Imodzi ya Chitenje

Benedicta anasiya kubereka mwana wake Praise ali ndi miyezi isanu. Ankakhala ku Yeoville, ku Joni, m'chipinda cha lendi pansanjika yachisanu, ndipo lifiti ya nyumbayo inafa kalekale. Tsiku lina akutsika masitepe, ganizo linangomulowa m'mutu: nanga nditamasula chitenjechi, mwana n'kugwa? Sanafune zimenezo ngakhale pang'ono, koma ganizolo linakana kutuluka. Kuyambira pamenepo ankamanga mfundo, kumasula, kumanganso, kasanu ndi kawiri, kenaka n'kufunsa mwamuna wake Yakobo ngati yalimba. Yakobo akati yalimba, mtima unkakhala pansi mphindi ziwiri zokha, basi ayambirenso. Mapeto ake anangosiyiratu kutuluka naye mwanayo.

Azimayi a m'fulatimo, eee, pakamwa! Ena ankati ndi ulesi wa ku Joni, ena ankati amulodza. Kutchalitchi anamupempherera mpaka mawu kusasa, ganizo lili pomwepo. Yakobo, amene ankasamalira maluwa m'nyumba za ku Fourways, sanali munthu woipa, koma anatopa. Anapangana ndi mlongo wake Agnes Mary, yemwe ankabwerera ku Mulanje pakatha miyezi iwiri, kuti adzatenge mwanayo akaleredwe ndi agogo ake. Benedicta analira, koma sanatsutse. Mumtima ankati mayi woganiza zoterezi sayenera kukhala ndi mwana.

Tsiku la sikelo, Yakobo ndiye ananyamula mwana, mkazi akutsatira chimanjamanja. Nesi ataona anafunsa, Benedicta n'kungogwetsa misozi. Nesiyo anamulembera kalata yokaonana ndi Nompumelelo, katswiri wa za maganizo amene ankabwera pakilinikipo Lachitatu lililonse.

Benedicta anapita ali ndi mantha kuti akangoulula amuitanira apolisi. Nompumelelo anabadwira ku Joni konko, koma agogo ake anachokera ku Dedza nthawi ya migodi, ndiye Chichewa ankachilankhula chothyokathyoka, chosakaniza ndi Chizulu. Anamvetsera mpaka kumapeto, nkhope osasintha. Kenaka anati vutoli lili ndi dzina, OCD, ndipo amakumana nalo sabata iliyonse. Maganizo oopsa amamufikira wina aliyense, koma wodwala matendawa amawaopa mopitirira, n'kumachita chinthu mobwerezabwereza kuti mantha achoke. Kubwerezako ndiye kumawadyetsa matendawo.

"Ndiye kuti sindine mfiti, sisi?" anafunsa Benedicta.

"Munthu wofuna kupweteka mwana samanga mfundo kasanu ndi kawiri, mama. Koma ndakuuzani lero lokha. Mukafunsanso sindiyankha."

Chithandizo chake chinamudabwitsa. Mapiritsi adokotala anamupatsa, inde, koma ntchito yeniyeni inali yomanga mfundo kamodzi n'kupirira mantha mpaka atsike okha. Anayamba ndi thumba la mpunga kumbuyo, m'chipinda. Kenaka thumba lomwelo pamasitepe, aneba akufa ndi phwete, ati mwana wampunga wakula. Pambuyo pake anabereka Praise weniweni, ataima pambali pa bedi. Yakobo naye anaitanidwa n'kupatsidwa lamulo: mkazi akafunsa ngati mfundo yalimba, asayankhe. Iye anati imeneyo ndi nkhanza. Nompumelelo anati ayese kaye.

Musaganize kuti zinangoyenda myaa. Masiku ena Benedicta ankabwerera ku kasanu ndi kawiri kuja, thukuta lili kamukamu, Yakobo naye n'kugonja, kuyankha. Tsiku la ulendo wa Agnes Mary linakwana Benedicta asanapondepo pamasitepe ali ndi mwana kumbuyo.

Agnes Mary anafika m'mawa ndi zikwama zake, n'kutambasula manja kuti alandire mwana. Benedicta anati amutsitsa yekha mpaka pansi. Anamuika Praise kumbuyo, anakoka chitenje, anamanga kamodzi. Atafika pakhomo ganizo lija linabwera lonse lathunthu, monga mwa masiku onse.

"Bambo a Praise, yalimba?"

Yakobo anayang'ana mfundoyo. Yankho linali pamilomo.

"Achimwene, muyankheni munthu," anatero Agnes Mary.

Bamboyo anangonyamula chikwama n'kuyang'ana kumbali, misozi ili lengelenge. Zinamupweteka.

Benedicta anaponda sitepe yoyamba. Manja ankamuyabwa kufuna kugwira mfundo, ndiye anakangamira chitsulo cha m'mbali. Pansanjika yachinayi mantha anakula. Yachitatu chimodzimodzi. Yachiwiri, Praise anamukoka ndolo, iye n'kumukalipira kuti iwe usandidule khutu, ndipo anazindikira kuti watsika masitepe angapo osakumbuka zoopa. Atangokumbuka mantha anabwereranso, koma ocheperapo.

Panja takisi yopita kokwerera basi inali ikudikira. Agnes Mary anatambasulanso manja. Benedicta sanamasule.

"Alamu, yendani bwino. Mukawauze amayi kuti mdzukulu adzamuona pa Khirisimasi. Ndidzabwera naye ndekha, kumbuyo kuno."

Agnes Mary anayang'ana mchimwene wake, kudikira kuti alamule. Yakobo anatsegula chikwama chija, anatulutsa kajumbo ka zovala za Praise, n'kukapanira m'khwapa. Takisi itanyamuka, Benedicta anatembenuka n'kuyamba kukwera masitepe aja, mfundo idakali yomweyo.