Galimoto ya Zidindo Khumi ndi Ziwiri

Gerlinde anali atakolopa masitepe asanu ndi awiri pamene foni inalira m'thumba la epuloni. Inali sabata yake yosesa. Kathabwa kosonyeza zimenezo kanali katapachikidwa pachitseko chake kuyambira Lolemba, ndipo m'nyumba yosanja ija ya ku Esslingen munthu ankatha kukhululukidwa kuledzera ngakhale kusudzulana, koma osati kufika Loweruka masana masitepe ali ndi fumbi. Anapukuta dzanja limodzi, nayankha.

"Mayi a Silke, yaima." Anali mwamuna wake, Ottmar. Kumbuyo kwa mawu ake kunkamveka malole akudutsa.

"Chaima n'chiyani?"

"Galimoto. Pachitunda cha Aichelberg. Injini ikulira bwinobwino, koma sikukoka. Ndangokwanitsa kuikhotetsera m'mbali."

"Nanga kuchipatala?"

"Hedwig wangoimbanso. Akuti ndifulumire."

Alfons, mkulu wake wa Ottmar, anali atagona m'chipatala ku Ulm kwa masabata atatu, mapapo akukana ntchito. M'mawa umenewo mkazi wake Hedwig anaimba kunena kuti madokotala akuti lero silitha. Gerlinde anauza mwamuna wake kuti akwere sitima. Ottmar anati sitima ya chiyani pamene panja pali galimoto yofika ku Ulm munthu asanamalize kudya buledi. Ndiye anatsogola, Gerlinde n'kutsala kuti amalize masitepe kenako atsatire. Inde, masitepe. Palibe chobisa.

"Isiyeni pomwepo, imitsani aliyense akutengeni."

"Pamsewu waukulu uno aime ndani? Komanso sindingaisiye yokha, si zololedwa. Ndaitana okoka. Akuti ola limodzi, mwina awiri."

"Jekete yachikasu ija mwavala?"

"Ndavala."

"Imani kuseri kwa chitsulo chotchinga msewu, osati pafupi ndi malolewo. Ndikubwera."

Anasiya ndowa pomwepo, chikolopa chili m'madzi, n'kutsika kukagogoda kwa Mayi Lämmle a nyumba yapansi, amene anali ndi kagalimoto kakale konyamulira maluwa kumsika.

"Yafa? Ija ya mphamvu za mahatchi mazana anayi?" anafunsa Mayi Lämmle, maso ali gwa. "Yomwe imagwedeza makapu anga m'kabati ikamalira?"

"Mahatchi onse agona. Makiyi, chonde. Mlamu wanga akutsirizika."

Nkhope ya mayiyo inasintha. Anapereka makiyi mwachangu. "Kilatchi yake ndi yolimba, imagwira pamwamba. Giya yachitatu mukailowetse mokakamiza, siikwiya. Nanga masitepe?"

"Adikira."

Kagalimotoko kankanunkha dothi lonyowa ndi anyezi. Gerlinde anaponda kilatchi, nalowetsa yoyamba, yachiwiri, yachitatu mokakamiza monga anauzidwira, ndipo kanayenda. Kanali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu, koma kanayenda. Atangolowa mumsewu waukulu anapeza mzere wa magalimoto wautali mpaka pomwe maso amalekezera. Ndipo munthu ukaima pamzere, manja ali pachiwongolero, maganizo amene wakhala ukuwathawa chaka chathunthu amakupeza bwinobwino.

Ottmar anagwira ntchito zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu pafakitale ya mabawuti. Sankamwa, sankatchova njuga. Chake chinali chimodzi: akadzapuma adzagule galimoto yothamanga, ngakhale yogwiritsidwa kale ntchito. Ana atakula n'kuchoka, Gerlinde anati chabwino, gulani, kuti tileke kumva za nkhaniyi pachakudya chilichonse. Zinatsala ziwiri zoti asankhepo.

Yoyamba inali yotuwa, ya munthu wogulitsa nyama ku Göppingen, yosintha magiya pamanja. M'kati mwake munali ubweya wa galu, nyenyeswa za buledi, ndi fungo la soseji. Zidindo za kugaraja inalibe. Mwini wake anangotulutsa kope la ana asukulu lodetsedwa ndi girisi, mmene ankalembamo ndi pensulo tsiku lililonse limene anasintha oyilo, wa injini ndi wa m'giyabokosi yemwe.

Yachiwiri inali yakuda, ya dokotala wa mano ku Stuttgart, yosintha yokha magiya, mofulumira kuposa kuphethira kwa diso. Pamakapeti ake ukanatha kuikapo mwana wakhanda. Ndipo inali ndi buku lake la kugaraja: zidindo khumi ndi ziwiri, zoongoka, chilichonse m'kabokosi kake, chosainidwa.

Kwa Gerlinde nkhani inathera pomwepo. Munthu wolephera kuchotsa ubweya wa galu pampando angasamale bwanji za m'mimba mwa galimoto? Komanso bondo lamanzere la Ottmar linali litayamba kale kuvuta, ndipo iye sankafuna kudzamva kubuula pa kilatchi iliyonse. Ndipo chidindo ndi chidindo. Kuno munthu amabadwa ndi chidindo, kukwatira ndi chidindo, kuikidwa m'manda ndi chidindo. Pensulo ya wogulitsa nyama ingapose zimenezo?

Tsiku logula, Ottmar ali m'garaja ndi dokotalayo akusisita utoto, foni yake inalira m'chikwama cha Gerlinde. Anali Alfons, makanika amene anakalambira pansi pa magalimoto.

"Mlamu, zidindozo ndi za oyilo wa injini. Tsegulani bukulo muone ngati alembapo za giyabokosi."

"Adokotala akuti oyilo wa mmenemo sasinthidwa, ndi wa moyo wonse."

"Moyo wa ndani? Ine ndaika m'manda magiyabokosi ambiri amene anauzidwa zomwezo. Tamverani, mlamu. Mumuuze mng'ono wangayo asasaine kanthu asanaikweze phiri. Itenthe kaye. Giyabokosi yozizira ili ngati mkamwini wa masiku atatu, ulemu wokhawokha. Ikatentha m'pamene imaonetsa khalidwe. Aimvetsere pochoka pa yachiwiri kupita pa yachitatu. Apo ayi, dikirani Lachiwiri ndibwere ndekha. Koma mukandifunsa ine, tengani ya galu ija."

"Ya galuyo mukakweremo ndinu, alamu."

"Ubweya amachotsa ndi burashi, mlamu. Giyabokosi sachotsa ndi burashi."

Linalinso Loweruka, nthawi itadutsa leveni. Inalinso sabata yake yosesa. Dokotala anali atanena kuti pali wogula wina amene akubwera masana. Kukwera phiri n'kubwerako kukanadya maola awiri. Ottmar atatuluka m'garaja n'kufunsa kuti waimba ndani, Gerlinde anati, "Akulu anu. Akupereka moni, akuti zonse zili bwino."

Mawu ochepa chabe amenewo. Anabwerera kunyumba ndi yakuda, ndipo masitepe anawala nthawi isanakwane.

Alfons ataiona koyamba anaiyendetsa kuzungulira mudzi kamodzi, natsika, n'kunena kuti, "Utoto wabwino." Basi. Analonjeza kuti adzaisintha oyilo m'chilimwe, koma chilimwe chinamupeza akutsokomola. Galimoto inayamba kumadzuka modzidzimuka pamaloboti. Ottmar ankati ndi khalidwe la magalimoto othamanga. Gerlinde ankayang'ana pawindo.

Mzere unayamba kusuntha. Anafika pachitunda cha Aichelberg nthawi itatsala pang'ono kukwana thwelofu. Galimoto yakuda inali ikukwezedwa pa lole yokoka, ikunyezimira ngati ikupita ku ukwati. Ottmar anaima kuseri kwa chitsulo, jekete yachikasu itamukulira, atakumbatira kanthu pachifuwa.

"Mwanyamula chiyani?"

"Buku lake. Ndimaopa lingasowe."

Gerlinde anamutsegulira chitseko. "Kwerani."

Woyendetsa lole anawakuwira akumanga unyolo. "Musadandaule kwambiri, bambo! Chitunda chino chimandidyetsa ine. Zonyezimira zomwezi, sabata iliyonse. Oyilo anasinthidwa liti?"

Ottmar anakwera m'kagalimoto, natseka chitseko.

Kagalimoto ka maluwa kanakwera chitunda chija pa yachitatu, kakulira ngati kakuphedwa, malole akukapitirira. Koma kanakwera. Ottmar anaika buku pamaondo, phazi lake lamanja likuponda pansi ngati pali chopondera. Atafika pamwamba anati, "Ikanakhala bwino ija, pano tikanakhala titafika kalekale."

"Ikanakhala bwino," anatero Gerlinde.

Ku Ulm anamupeza Hedwig pakhonde la chipinda cha odwala. Anali atakhala pabenchi, magalasi a mwamuna wake ali m'manja, atawapinda. Munthu akagwira magalasi a mnzake motero sufunsanso.

"Mphindi makumi awiri zapitazo," anatero Hedwig.

Ottmar anakhala pansi pang'onopang'ono, bondo lija litaongoka.

"Anakufunsani, alamu. Cha m'ma teni anatsegula maso, akuti Ottmar ali kuti. Ndinati ali m'njira. Akuti, pa iti? Ndinati pa yakuda." Hedwig anaseka pang'ono, misozi ili mbwe. "Ndiye anaseka, ndi chipaipi chili m'mphuno. Akuti, 'Ndiye pali chitunda chija.' Kenako akuti ndikuuzeni kuti ayesetsa kudikira, koma musamukwiyire akalephera."

Mphindi makumi awiri. Gerlinde anaziwerenga mosafuna. Sitima ikanafika ola lathunthu nthawi isanakwane. Ya galu ija ikanafika kalekale. Ngakhale kagalimoto ka maluwa kakanafika, akanati anyamuke limodzi m'mawa m'malo motsalira ndi chikolopa. Analowa m'chipindamo pambuyo pa mwamuna wake. Manja a Alfons anali pamwamba pa nsalu yoyera, ndipo m'mphepete mwa zikhadabo munali mudakali mzere wakuda umene masabata atatu a sopo wa kuchipatala analephera kuuchotsa.

Masana onse anathera pa zimene zimachitika zikatero: kuimbira Silke ndi abale ena, kusaina mapepala, kukakamiza Hedwig kuti amweko supu. Anafika ku Esslingen dzuwa litapendeka. Gerlinde anabweza makiyi. Mayi Lämmle anamugwira dzanja, nati pepani, ndipo za masitepe sanatchule. Ndowa anali ataisunthira pakona kuti anthu asapunthwe, koma sanakolope. Sabata ya mnzako sugwira.

Ottmar anakwera masitepe anayi n'kukhala pansi, akuti bondo. Buku lija linali lidakali m'manja mwake. Gerlinde anaima pafupi ndi ndowa. Madzi anali atazizira, sopo atakhala pansi.

"Bambo a Silke."

"Ee."

"Tsiku lija kwa dokotala, akulu anu sanapereke moni. Anati musasaine musanaikweze phiri. Anati itenthe kaye. Ine sindinakuuzeni. Ndimafuna kubwerera kudzasesa."

Ottmar sanatukule mutu. Ankangotsegula buku, tsamba ndi tsamba, chidindo ndi chidindo.

"Ndikudziwa," anatero. "Anandiimbira madzulo omwewo. Akuti, waikweza phiri? Ndinati eya."

"Munawanamiza?"

"Inali itagona kale m'garaja mwathu. Ndikanati chiyani?" Anatseka buku. "Komanso poiyesa paja, ndikuzungulira ndi dokotala, ndinaimva. Pochoka pa yachiwiri inagwedeza. Pang'ono chabe. Ndinakweza wailesi."

"Chaka chonsechi munkadziwa, osandiuza?"

"Inunso chaka chonsechi."

Gerlinde anafuna kukalipa, chifukwa kukalipa n'kosavuta ndipo anakuzolowera. Koma sanapeze woti amukalipire. Amene ankadziwa zoona anali m'chipinda chozizira ku Ulm, ndipo anawasiyira awiriwo mawu akuti utoto wabwino, n'kuwalola kuti akhale nawo.

"Agaraja aimba Lolemba," anatero Ottmar. "Adzafunsa ngati tikuikonza."

"Lolemba tikhala tikusankha bokosi ndi Hedwig. Adikire."

"Ya wogulitsa nyama ija ndimaiona nthawi zina ku Göppingen. Anagula mphunzitsi wina. Ikuyendabe."

"Sindinakufunseni."

Pansi chitseko cha kumsewu chinatsegulidwa, wina analowa ndi nsapato zamatope, n'kukwera mwakachetechete kudutsa pakati pawo. Masitepe asanu ndi awiri aja amene anakolopedwa m'mawa anali atadzaza kale mapazi a tsiku lonse. Mawa linali Lamlungu, ndipo Lamlungu sakolopa. Kathabwa kankayenera kupita pachitseko china Lolemba.

Gerlinde ananyamula ndowa, nakataya madzi ozizira aja, n'kubwera ndi otentha. Ottmar anatambasula dzanja kuti amulandire.

"Siyani, mudzagwa nayo. Ingokhalani."

Anayambiranso pamwamba penipeni. Sitepe yoyamba, yachiwiri, kufinya, yachitatu. Ankakolopa mpaka m'makona, mmene palibe amene amayang'ana. Atatsika kufika pamene panakhala mwamuna wake anaima, chikolopa chikudontha. Ottmar sanasunthe. Mapewa ake ankagwedezeka, buku lili kumaso.

Gerlinde anadikira. Madzi anadontha pa sitepe, natsetsereka kupita pa yotsatira. Kenako anaviikanso chikolopa, nachifinya, n'kuyamba kukolopa mozungulira nsapato zake.